Madzi a Tsiku Loipa

Ku Ashrafiyeh, limodzi mwa mapiri a mzinda wa Amman, madzi amabwera Lachitatu. Akafika, phiri lonse limadziwa. Mapampu amalira, akazi amachapa ndi kuyanika mpaka zingwe kuwerama, ndipo pamwamba pa nyumba iliyonse mathanki amamwa madzi oti akwane sabata yathunthu. Pofika Lachinayi madzulo mapaipi a mumsewu amakhala atauma. Kuyambira pamenepo munthu amadalira zomwe zili padenga pake basi.

Tsiku la Sudqi, wotsuka mathanki, linali Lachiwiri. Ndi tsiku limene mathanki amakhala atatsala pang'ono kuuma, ndipo palibe mwini nyumba amene angalole kuti thanki yodzaza ikhuthulidwe chifukwa chongofuna kuitsuka. Masiku enawo Sudqi ankapita kumapiri ena a Amman, kumene madzi amafika pa masiku awoawo. Koma Lachiwiri linali la kwawo.

Anthu ankamutchula kuti Abu Ghalib, kutanthauza bambo a Ghalib, potsata dzina la mwana wake woyamba. Ntchitoyi anaiyamba ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo chimene chinamulowetsa chinali kuwonda. Nkhunda inagwera m'thanki ya mzikiti. Akuluakulu anakwera padenga, anasuzumira, anakambirana, koma panalibe amene mimba yake ikanadutsa pakamwa pa thankiyo. Analowa ndi Sudqi. Nkhundayo anaitulutsa, anthu anamuthokoza, nkhani inatha. Koma chimene chinamukhalira mumtima sichinali nkhunda. Anali matope akuda, oterera, omwe anamufika mu akakolo. Madzi a pamwamba pa matope amenewo ndiwo anthu ankatsukira m'kamwa kasanu pa tsiku asanapemphere. M'mawa mwake anabwerera yekha ndi chidebe ndi burashi, popanda womutuma.

Zaka makumi anayi zinadutsa, thupi lake osasintha. Mkazi wake Nawal ankauza anzake kuti amachita dala.

“Ndikangomunenepetsa uyu, tonse tafa ndi njala,” ankatero, uku akumuchotsera mpunga m'mbale.

Kagwiridwe kake ka ntchito kanali kodziwika. Anali ndi nsapato za mphira zimene sizinapondepo msewu. Ankazinyamula m'thumba lapulasitiki, n'kuzivala atakhala kale pakamwa pa thanki. Matope ankawatunga ndi chidebe, makoma n'kuwakwecha ndi burashi, kenako klorini woyezera pa kachivundikiro ka botolo, kenako kutsukuluza katatu. Pomaliza ankayang'ana chivundikiro cha thanki. Chikakhala chosweka sankachoka mpaka mwini wake atabweretsa china, chifukwa fumbi, zitosi ndi mphemvu zimalowera pamenepo.

Ndiyeno panali kapu. Inali yachitsulo, yomangirira pa lamba. Madzi akalowa Lachitatu, Sudqi ankabwerera nyumba iliyonse imene anatsuka dzulo lake. Ankalowa m'khitchini, kutsegula mpopi, kudikira pang'ono, kudzaza kapu ija, n'kumwa mwini nyumba akuona. Sankalankhula zambiri. Ankapukuta pakamwa, kutamanda Mulungu, n'kutsika masitepe. Ankachita zimenezi m'nyumba za anthu, kusukulu ya mkaka, kophikira buledi kwa Abu Shawqi, ndi kumalo osokera zovala kumene akazi makumi atatu ankamwa pampopi umodzi. Mwini wa malo amenewo ankanena kuti Sudqi asanayambe kubwera, nyengo yotentha iliyonse makina ena ankakhala opanda munthu chifukwa cha m'mimba.

Chaka chimenecho mwezi wa Ogasiti unatentha koopsa. Lachiwiri loyamba Sudqi anatsuka mathanki anayi pa nyumba ya Hajja Zarifa, mayi wamasiye amene ankakhala pansi, ana awo aamuna ndi mabanja awo atamanga pamwamba. Anamwa kapu yake Lachitatu, n'kumapita. Sabata yotsatira madzi sanabwere, paipi yaikulu inali itaphulika kwinakwake. Pamene madziwo ankabwera sabata inayo n'kuti nyumba ya Hajja ili ndi odwala. Anayamba ndi Jumana, mwana wa zaka zinayi wa Adnan, mwana womaliza wa Hajja. Anatsegula m'mimba, anasanza, maso analowa m'kati. Amayi ake nawo anagwidwa, kenako msuweni wake. Akuluakuluwo anachira, koma Jumana anagonekedwa m'chipatala, dripi ili pamkono.

Dokotala anafunsa za madzi. Adnan anayankha kuti mathanki angotsukidwa kumene ndi Abu Ghalib. Mawu amenewo anatuluka m'chipatala, anakwera basi, anafika paphiri Adnan asanafike.

Lolemba m'mawa Sudqi anapita kukagula buledi. Abu Shawqi anali pa uvuni, ndipo sanatembenuke.

“Mawa ndifika dzuwa lisanakwere,” anatero Sudqi.

“Mawa musavutike, Abu Ghalib.”

“Miyezi isanu ndi umodzi yakwana.”

“Ndati musavutike. Kubwera anyamata aja a kampani yotsuka mathanki, a galimoto yoyera ndi mayunifolomu.”

Munthu wina amene anali pamzere anaseka. “Akuti masiku ano mukumaiwala masokosi m'kati, amalume.”

Ena anaseka, ena anayang'ana pansi. Abu Shawqi anamupatsa buledi, n'kutsitsa mawu.

“Inu ndi ine tinakulira limodzi. Koma ine ndimadyetsa anthu. Akangomva kuti mwakwera padenga panga, ndani agule?”

Pofika masana, a kusukulu ya mkaka nawo anali atatumiza uthenga woti adikire kaye.

Sudqi anakhala pakhonde la nyumba yake, kapu ili m'manja. Nawal anamuikira tiyi pambali. Tiyiyo anazizira.

“Zaka makumi anayi mwamwa madzi a phiri lonse, simunagonepo ndi m'mimba,” anatero mkaziyo. “Lero akuti ndinu wodwalitsa ana? Pitani mukawafunse.”

“Mwana ali m'chipatala. Ndikafunse chiyani?”

“Ndiye khalani choncho. Dzina lanu alidye agalu.”

Sudqi ankabwereza ntchito ya tsiku lija m'mutu, thanki ndi thanki. Yoyamba, yachiwiri, yachitatu ya chivundikiro chabuluu, yachinayi ya pafupi ndi khoma. Sanapeze pomwe analakwitsa, ndipo zimenezo ndizo zinamusautsa kwambiri. Ngati sanalakwitse, ndiye kuti chodwalitsacho chinali chikadali m'nyumbamo.

Lachiwiri m'mawa anagogoda kwa Adnan. Adnan anatsegula ali ndi maso ofiira, ndevu zosameta.

“Mwadzatani?”

“Jumana ali bwanji?”

“Akumutulutsa mawa. Mulungu ndiye wachita, osati inu.”

“Atamandike. Ndipatseniko madzi akumwa.”

Adnan anamuyang'ana nthawi yaitali. Munthu wopempha madzi sabwezedwa pakhomo, ngakhale akhale mdani. Analowa, n'kubwera ndi botolo la kugolosale.

“Ayi, mwana wanga. A pampopi.”

M'khitchini Sudqi anatsegula mpopi, anadzaza kapu, n'kupita nayo pawindo. Madziwo ankaoneka oyera. Anawanunkhiza. Anaviika lilime, n'kulavula mu sinki.

“Madzi awa si anga.”

“Nanga ndi a ndani? Akugwa kumwamba mu Ogasiti?”

“Tiyeni padenga.”

Anavundukula mathanki anayi aja limodzi ndi limodzi. Madzi anali ochepa, ndipo pansi pankaoneka bwinobwino, poyera ngati mbale. Adnan anasuzumira. Sudqi anagwada, n'kuyamba kutsata mapaipi ndi dzanja, monga momwe munthu amasisitira mwendo wothyoka. Mapaipi onse ankawadziwa. Koma kuseri kwa thanki yachinayi dzanja lake linakumana ndi paipi yapulasitiki yobiriwira, yatsopano, yolumikizidwa mokhota. Inkakwawa m'mbali mwa khoma n'kukalowa pansi pa chitseko cha kachipinda ka pangodya, kamene nthawi zonse kankakhala kokhoma.

“M'menemo muli chiyani?”

“Katundu wa amayi.”

Sudqi anadikira.

“Muli thanki,” anatero Adnan. “Ya amayi. Amati ndi madzi a tsiku loipa. Sabata ija madzi sanabwere, ndinawapempha, ndinalumikiza ndekha. Koma ili m'nyumba, Abu Ghalib. Dzuwa silifikamo, fumbi silifikamo. Lachitatu lililonse amayi amathiramo ena ndi paipi.”

“Inatsukidwa liti?”

“Bambo ndi amene anaiika.”

Bambo a Adnan anali atamwalira zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Sudqi anasuzumira pa mng'alu wa chitseko. Thankiyo inakhala pa njerwa, pamwamba kuposa zinzake, choncho madzi ake ndiwo ankayamba kutsika m'mipopi. Anafunafuna kampopi ka pa paipi yobiriwirayo, n'kukatseka.

“Basi, zatha,” anatero Adnan mofulumira. “Ndiidula lero lomwe.”

“Mudula. Tsiku lina madzi sadzabwera, mudzalumikizanso. Kiyi ali kuti?”

Kiyi anali pakhosi pa Hajja Zarifa, ndipo Hajjayo anali kale pa masitepe. Ankakwera pang'onopang'ono, ndodo patsogolo, mpweya ukumveka. Atafika anaima pakati pa Sudqi ndi chitseko.

“Ndani akugwira chitseko changa?”

“Ndine, Hajja. Mwadzuka bwanji?”

“Sudqi mwana wa Latifa. Ndinakuona ukuthamanga mumsewu uno wopanda kabudula. Wadwalitsa mdzukulu wanga, tsopano ukufuna madzi anga?”

“Ndikufuna kungoona, amayi.”

“Kuona kwa iwe ndikukudziwa. Umaona, kenako umakhuthula.”

Paphiri panalibe amene sankadziwa nkhani ya Hajja Zarifa, ngakhale iwo eni sankaikamba. Ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi anthu a kwawo anathamangitsidwa m'mudzi nyengo yotentha ngati imeneyi. Anayenda masiku atatu m'miyala. Ananyamuka ali ana awiri, iwo ndi mlongo wawo wakhanda. Anafika ali okha. Kuchokera nthawi imeneyo sankataya ngakhale madzi otsukira mpunga. Pansi pa bedi lawo panali mabotolo, kuseri kwa chitseko zigubu.

“Iwe unayamba wamvapo ludzu?” anafunsa. “Sindikunena ludzu la Ramadani, loti dzuwa likalowa umwa.”

“Sindinalimvepo, Hajja.”

“Ndiye usandiphunzitse za madzi. Madzi sawola. Si nyama.”

“Amayi,” anayamba Adnan.

“Iwe khala chete, injiniya wa mapaipi okhota.” Anavula chingwe m'khosi. “Bwera uone, kuti manyazi akugwire bwino.”

Chitseko chitatseguka, nkhunda ziwiri zinabuluka n'kutulukira pa kawindo kosweka. Zisa zinali pa mtanda, pamwamba penipeni pa thanki. Thankiyo inali yachitsulo, ndipo dzimbiri linali litaboola chivundikiro chake, bowo loti nkhonya n'kulowa. Zitosi zinali mbuu kuzungulira bowolo. Hajja ankathira madzi awo pa kapaipi ka m'mbali, ndipo ndi msinkhu wawo pamwambapo sankaonapo.

Sudqi anakwera pa njerwa, n'kukankha chivundikiro. Fungo linadzaza kachipindako. Adnan anabwerera m'mbuyo. Hajja anakweza chibwano.

“Ndi fungo la chitsulo limenelo.”

Sudqi anamasula kapu pa lamba. Anapisa mkono mpaka paphewa, n'kutunga pafupi ndi pansi. Anatuluka nayo panja powala. Madziwo anali obiriwira, tinthenga ndi tizinthu tina tikuyandama.

“Mwambo wanga mumaudziwa, Hajja. Ngati mukuti ndi abwino, ndimwa.”

“Imwa.”

Anatchula dzina la Mulungu, n'kukweza kapu. Inali itafika pamlomo pamene ndodo inamenya. Kapu inauluka, inagunda khoma, n'kugubuduzika mpaka pansi pa thanki yachinayi. Zala za Sudqi zinachita dzanzi.

Hajja anafufuza pokhala, n'kukhala pa chidebe chovundikira. Ankayang'ana pamene madzi aja anatayikira, simenti ikuwamwa.

“Jumana wamwa zimenezi,” anatero. Silinali funso.

Sudqi anatola kapu yake. Inali itaphwanyika mbali imodzi.

“Koma sititaya,” anatero Hajja. “Kutaya madzi ndi tchimo. Sindilola.”

“Sititaya, amayi. Mtengo wanu wa mandimu wafota. Mpesa nawo ukulira. Otsala tithiramo klorini, titsukire masitepe ndi bwalo.”

Hajja anaganiza. “Uyambe ndi mandimu.”

Anagwira ntchito mpaka dzuwa kupendeka. Adnan ankatsika ndi zidebe, kukwera, kutsikanso, malaya atamatirira kumsana. Amayi ake anakhala pomwepo, akuyang'anira kuti dontho lisagwe pachabe.

“Nyamula bwino, injiniya! Ukuthirira masitepe kapena mtengo?”

Thanki itauma Sudqi anavala nsapato zake za mphira n'kulowa. Matope anamufika m'misongolo. Pakona anapeza mafupa a nkhunda ndi nthenga. Anawakulunga m'thumba lakuda ali m'kati momwemo, n'kupatsira Adnan chamseri kuti Hajja asaone. Anakwecha, anathira klorini, anatsukuluza katatu ndi madzi otsala m'mathanki ena. Adnan anathamangira kogula chivundikiro chatsopano, anachotsa zisa, pa kawindo anakhomapo sefa. Kenako Sudqi analumikiza thankiyo mwa njira ina, kuti madzi a Lachitatu azilowamo okha ndi kutuluka limodzi ndi a mathanki enawo.

“Ndiye sindisunganso kanthu?” anafunsa Hajja.

“Musunga. Lachitatu lililonse izidzaza, ndipo nyumba izikhala ndi mathanki asanu m'malo mwa anayi. Koma madzi aziyenda. Akakhala malo amodzi ndi pamene amadwala.”

Sudqi anauza Adnan kuti madzi akalowa atsegule mipopi yonse kwa kanthawi, awatunge m'zidebe akathirire mitengo, ndiponso kuti a mwana aziwawiritsa mpaka sabata itatha.

Pa masitepe Adnan anagwira Sudqi mkono.

“Amalume, ndakulakwirani. Ndikudziwa. Koma chonde musauze anthu. Amayi akamva kuti phiri lonse likuti iwo ndi amene anadwalitsa Jumana, sadzatulukanso panja.”

Sudqi anayang'ana m'mwamba, kumene Hajja anali akadali pa chidebe chija. Anagwedeza mutu kuvomera.

Nawal atamva anaomba m'manja kamodzi.

“Ndiye dzina lanu?”

“Mwana amwa madzi abwino mawa.”

“Zimenezo ndamva. Ndikufunsa za dzina. Lachiwiri likubwerali mukakwera padenga pa ndani?”

Sudqi anatsuka burashi yake, n'kuiyanika.

Lachitatu madzi anabwera m'mamawa. Mapampu analira, madenga anadzaza akazi ndi mabeseni. Sudqi anadikira kuti mathanki adzaze, n'kupita kwa Hajja kukamwa kapu yake, poti ntchito inali isanathe. Ankaganiza kuti alowa mwakachetechete.

Anapeza Hajja atakhala pampando pakhomo la kumsewu, moyang'anana ndi kophikira buledi. Anali atavala diresi yawo yopeta ya pa zikondwerero. Mzere wa ogula buledi unali wautali.

“Usalowe,” anatero. “Adnan, tenga kapu yakeyo ukatunge kukhitchini. Ubwere nayo kuno.”

Adnan anabwera nayo. Sudqi anatambasula dzanja, koma Hajja anamutsogolera. Anagwira kapu yophwanyikayo ndi manja awiri, anamwa theka, n'kumupatsa yotsalayo. Kenako anamenya ndodo pansi.

“Abu Shawqi! Tuluka m'ng'anjomo!”

Wophika bulediyo anasuzumira, manja ali mbuu.

“Madzi amene anadwalitsa mdzukulu wanga anali anga. Ndinabisa thanki zaka zisanu ndi zinayi, nkhunda zikuchitiramo zawo. Mwana wa Latifa uyu sanaionepo mpaka dzulo. Wamva, kapena ufa wakutseka makutu?”

“Ndamva, Hajja.”

“Inu a pamwamba apo, mwamva? Kauzeni amene munawauza zija.”

Padenga lina mkazi anaseka mwamanyazi. Munthu wa masokosi uja anali pamzere, ndipo anayamba kuyang'anitsitsa foni yake. Adnan anaima kumbuyo kwa amayi ake, mutu uli pansi. Koma Hajja sanalowe m'nyumba.

Sudqi anamaliza madzi aja, anapukuta pakamwa, n'kutamanda Mulungu.

Abu Shawqi anawoloka msewu, buledi wotentha ali pa nyuzipepala.

“Anyamata aja dzulo sanabwere n'komwe,” anatero, akuyang'ana kumbali. “Lachiwiri likubwerali, Abu Ghalib?”

“Likubwerali ndiyamba ndi ana a kusukulu, akandiitana. Inu linalo.”

“Thanki yanga yadutsitsa kale nthawi.”

“Mukanaganiza zimenezo Lolemba,” anatero Hajja, n'kulanda bulediyo.

Takisi inaima pakona. Amayi ake a Jumana anatsika atanyamula mwanayo, wowonda, kapulasitala kali padzanja. Hajja anayesa kuimirira, miyendo inakana. Sudqi anawagwira pachigongono mpaka anaima, kenako anamangirira kapu pa lamba n'kutsetsereka ndi msewu.

Madzulo Nawal anaiona kapuyo pa tebulo. Anaitembenuza, n'kupita kukatenga hamala.

“Isiyeni,” anatero Sudqi. “Sikudontha.”